KUDWAZIKA OKALAMBA PAKHOMO M'MASIKU AO OTSIRIZA

Mau okambidwa pamaso pa nthumwi za Sinodi pa msonkhano wa chikumbutso



Pa nyengo ya chikumbutso monga ino Sinodi imawerenga zimene yaona m'zaka zapitazo: nyumba za mapemphero zimene zinamangidwa, masukulu amene anatsegulidwa, ndi abusa amene anadzozedwa. Nkoyenera kutero. Komatu njerwa za nyumba zija zinaumbidwa ndi manja a anthu, madzi opondera dothi anasenzedwa pamutu pa amai, ndipo ambiri mwa iwo amene akali moyo sangathenso kufika pa khomo la nyumba imene anamanga. Ali gone pa mphasa m'chipinda cha mkati, maso achita chidima, miyendo yakana. Maina ao akali m'kaundula wa mpingo, koma pa benchi pao anakhalapo ena kale. Nkhani ya lero ikhudza iwowa, pamodzi ndi anthu amene alikuwadwazika usana ndi usiku.

MALIRO ADZAZA ANTHU, MATENDA ASOWA ANTHU

Mpingo wa m'maiko ano uli ndi mbiri yabwino pa maliro. Uthenga ukangomveka, dzuwa lisanalowe amai afika ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu anola makasu, a kwaya agona pa siwa naimba kufikira mbandakucha, ndipo mbusa wakonza kale ulaliki. Ana a ku tauni amene sanaoneke chaka chathunthu afika pa galimoto ndi bokosi lonyezimira. Palibe wolamula mnzake, aliyense adziwa ntchito yake, kotero kuti mlendo woona zimenezi amagoma nazo.

Koma munthu atabwerera m'mbuyo miyezi itatu nalowa m'nyumba yomweyo, akadapeza zina. Akadapeza mai mmodzi, mwana wamkazi wa nkhalambayo, nayenso imvi zitayamba, alikuchapa zofunda kachitatu tsiku limenelo, madzi atakatunga yekha ku mjigo. Munda wake sunapaliridwe. Ku mapemphero sanapiteko kuyambira pa Khirisimasi. Usiku adzuka kanai kapena kasanu. Amai a mpingo anabwera tsiku lina, naimba nyimbo ziwiri, napemphera, nasiya sopo. Zinali zabwino ndithu, koma atachoka ntchito inatsala monga inaliri. Mkulu wa mpingo podutsa anaima pabwalo nafunsa kuti, "Agona bwanji amai?" Iye anagwada nayankha kuti, "Ali bwinoko, bambo," pakuti ndimo amayankhira munthu woleredwa bwino, ndipo mkuluyo anapitirira ulendo mtima uli m'malo.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Mpingo uli nao anthu, uli nalo dongosolo, uli nacho chifundo. Koma zonsezi zimafika pakhomo munthu atatsirizika kale. Gawo laling'ono chabe la ufa, nkhuni, ndalama ndi maola zimene zimathera pa maliro, likadafika miyezi itatu m'mbuyo, likadasintha imfa ya wokalambayo ndi moyo wa womdwazika.

CHIMENE CHALEMERETSA MTOLO

Makolo anali nalo dongosolo lao. Kumene amuna amakwatira chikamwini, nkhalamba inkakalambira pakati pa ana ake aakazi, ndipo matenda akakula mwini mbumba ankaitanitsa alongo ake nagawa ntchito. Kumene akazi amapita ku chitengwa, ana aamuna ndi akazi ao ankazungulira nyumba ya makolo. Atsikana ankagona ku kuka kwa agogo, motero usiku sikunkasowa wokoleza moto kapena wopatsa madzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa matenda mau amenewa ankaoneka ndi maso.

Zinthu zitatu zagwedeza dongosolo limeneli. Choyamba ndi ulendo wofuna ntchito. Kale anyamata ankapita pa Wenela ndi pa Mthandizi. Lero anyamata ndi atsikana omwe ali ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja. Chachiwiri ndi Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004. Pakati pa zaka zimenezi munapita mbadwo wa ana amene akadakhala alikudwazika makolo ao tsopano. Agogo amene anaika ana ao m'manda nalera adzukulu amasiye ndi omwewo amene agona pa mphasa lero, ena opanda mwana ndi mmodzi yemwe wotsala. Chachitatu ndi chakuti anthu alikukhala ndi moyo nthawi yotalikirapo. Kalembera wa m'Malawi wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi 5 mwa 100 ali onse anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Matenda a msinkhu umenewu, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, khansa ndi kufa ziwalo, ndi a mgonagona. Amagoneka munthu miyezi, mwina zaka, ndipo a chipatala akachita mbali yao amauza abale kuti akamsamalire kunyumba.

Maiko ena a chigawo chino anaikapo dzanja. Botswana anayamba kupereka ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa okalamba m'chaka cha 1996, ndipo Lesotho anatsatira m'chaka cha 2004. M'Malawi thandizo la Mtukula Pakhomo, limene linayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, linakonzedwera mabanja osaukitsitsa okha. Motero kwa okalamba ochuluka, chuma chao chonse ndi abale ao ndi mpingo wao.

Ndipo pakati pa abalewo mtolo sugwa mofanana. Umagwera mwana wamkazi amene sanachoke pamudzi, kapena mdzukulu wamkazi amene amsiyitsa sukulu kuti akhale ndi agogo. Mtsikana wotere walipira ndi tsogolo lake ngongole ya banja lonse. Ana aamuna ambiri amayesa kuti akatumiza ndalama pa lamya atha mbali yao, ndipo ena angakhale imeneyo satumiza, koma pa tsiku la zopereka za padera maina ao amamveka patsogolo. Mu Marko 7 Ambuye anadzudzula anthu amene ankabisala kuseri kwa chopereka cha kwa Mulungu pothawa kuthandiza makolo ao. Mu Yohane 19, pa mtanda pomwe, anapereka amai ake m'manja mwa wophunzira, amene anali mwamuna, ndipo iye anawatengera kwao. Palibe pamene kudwazika kunalembedwa kuti ndi ntchito ya akazi okha.

ULULU ULI NAO MANKHWALA

Chinthu chimene chimaswa mtima wa wodwazika koposa zonse ndi kumva kholo lake likubuula usiku wonse iye wopanda chochita. Ambiri amakhulupirira kuti a chipatala akanena kuti matenda sachizika ndiye kuti thandizo lonse latha. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo abusa ayenera kudziwa chifukwa chake.

M'chaka cha 1967 Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino nadzakhala dotolo pambuyo pake, anatsegula nyumba yosamaliramo odwala osachiritsika yotchedwa St Christopher's Hospice mu mzinda wa London. Iye anaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kuti ululu wa munthu amene ali pafupi kufa uli ndi mbali zingapo zolukanalukana: kuwawa kwa thupi, mantha a mumtima, nkhawa ya banja, ndi mafunso a mzimu. Chachiwiri, kuti mankhwala a ululu aziperekedwa pa nthawi yoikika, ululu usanabwerere, osadikira kuti wodwala ayambe wafuula.

Nzeru imeneyi inafika msanga m'chigawo chino. Island Hospice inakhazikitsidwa m'chaka cha 1979 mu mzinda umene lero ndi Harare, ndipo anamwino ake anasankha kutsatira odwala kumakomo kwao. Ku Zambia chipatala cha Chikankata, cha a Salvation Army, chinayamba kuyendera odwala Edzi m'midzi m'chaka cha 1987, ndipo mipingo yambiri inaphunzirako. M'chaka cha 1986 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafalitsa njira ya makwerero atatu: ululu wochepa uyambidwe ndi mankhwala wamba monga paracetamol, ukakula pabwere amphamvu pang'ono monga codeine, ndipo ukafika poipa pabwere mofini. Ku Uganda dotolo wina, Anne Merriman, amene anayambitsa Hospice Africa Uganda m'chaka cha 1993, anaonetsa kuti ufa wa mofini ungasungunulidwe m'madzi, nuthiridwa m'mabotolo, nuperekedwa kwa wodwala pakamwa ali kunyumba kwake, pa mtengo wochepa. M'chaka cha 2014 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti chisamaliro chotere chikhale mbali ya ntchito za umoyo m'dziko liri lonse. M'Malawi ntchito imeneyi yadziwika kudzera ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Ndi Moyo ku Salima, ndi m'zipatala zina za boma ndi za mishoni.

Anthu ambiri amaopa mofini. Ena amati ndi mankhwala otsirizira munthu, ena amati wodwala adzazolowera ngati chidakwa. Zoona zake ndi zakuti mofini woperekedwa pa muyeso wolembedwa ndi a chipatala, kawirikawiri maola 4 ali onse, amachotsa ululu popanda kufupikitsa moyo. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, ndipo a chipatala amapereka mankhwala ofewetsa m'mimba pamodzi naye. Wodwala amene ululu wamleka amagona tulo, amalankhula ndi ana ake, amatha kupemphera. Mbusa amene apeza nkhalamba ikubuula napemphera nachoka, osafunsa ngati banjalo lidziwa kumene thandizo limeneli lipezeka, wachita theka la ntchito yake.

Pano pafunikanso chenjezo. Ukalamba pa wokha si matenda. Malungo, chibayo, fupa lothyoka ndi ng'ala ya m'maso zimachizika angakhale kwa munthu wa zaka 80. Mau akuti "ndi ukalamba basi" aika m'manda anthu amene akadachira ndi jekeseni ya masiku ochepa. Onena kuti matenda afika posachizika akhale a chipatala atamuona wodwalayo, osati abale amene atopa kapena aopa mtengo wa galimoto.

NTCHITO YA MANJA PA MPHASA

Mbali yaikulu ya kudwazika siifuna ndalama. Iri ndi malamulo ochepa amene mkulu wa mpingo ali yense angaphunzire tsiku limodzi.

Munthu wogonera mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda pamene fupa lakanikiza khungu: m'chiuno, kumunsi kwa msana, pa zidendene, pa mapewa ndi pa zigongono. Zimayamba ngati kufiira kapena kuda kwa khungu, koma zikatseguka zimalowa mkati, zimanunkha, ndipo zimavuta kupola. Kupewa kwake ndi kumtembenuza wodwala maola awiri ali onse, kuika nsalu zopinda pakati pa maondo ndi pansi pa zidendene, kuyala chofewa pamwamba pa mphasa, ndi kusunga khungu louma. Pepala la pulasitiki pansi pa nsalu limachepetsa zochapa. Pano nkuona chifukwa chake munthu mmodzi sangathe: kutembenuza munthu wamkulu usiku ndi usana kufuna anthu olandirana.

M'kamwa mwa wodwala mumauma ndi kuchita zilonda. Kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi a mchere pang'ono kamatsuka bwino, ndipo mafuta a Vaseline amafewetsa milomo. Pomdyetsa, wodwala akhale tsonga, alandire pang'onopang'ono phala lamadzimadzi, nthochi yakupsa, thobwa kapena msuzi, monga mtima wake wafunira. Kuthira chakudya kapena madzi m'kamwa mwa munthu amene ali m'tulo kapena alephera kumeza nkoopsa, pakuti zimalowa m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo.

Pa nkhani ya chakudya pamabuka milandu yambiri. Masiku otsiriza akayandikira thupi limaleka kufuna chakudya, ndipo uku ndi kuyenda kwa matendawo. Tsono mbale wochokera kutali amafika, naona mbale ya phala yosakhudzidwa, nanena kuti, "Achemwali, mukuwapha ndi njala amai." Mau amenewa amalasa munthu amene sanagone miyezi itatu, ndipo amakhala nao moyo wake wonse. Mbusa wodziwa zinthu angathe kuzimitsa moto umenewu ndi mau ochepa.

Palinso ulemu wa thupi. Mwambo sulola mwana wamkazi kusambitsa atate ake, kapena mpongozi kuona thupi la apongozi ake. Chifukwa cha ichi madoda ambiri okalamba, makamaka amene akazi ao anatsogola, amakhala masabata osasamba, ali ndi ana pakhomo. Apa mpamene abambo a mpingo afunika. Amuna awiri obwera kawiri pa sabata ndi ndowa ya madzi ofunda, sopo ndi lumo lometera angabwezere mkulu mnzao ulemu umene palibe ulaliki ungambwezere.

NKHALAMBA YOIWALA SI MFITI

Pali matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena. Dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza mtundu wake wodziwika kwambiri m'chaka cha 1906. Munthu amayamba kuiwala za dzulo koma nakumbukira za ubwana wake. Amaitana mwana wake ndi dzina la mlongo wake amene anamwalira kale. Amanena kuti amubera, pamene waiwala pomwe anaika. Matenda akakula amasokoneza usiku ndi usana, natuluka pakati pa usiku kufuna kwao kumene anabadwira, mwina atavula, ndipo m'mawa amapezeka ataima kuseri kwa nyumba ya eni ake kapena pafupi ndi manda. Akamfunsa mwaukali amavomera chirichonse chimene amuuza.

Nthumwi zonse zidziwa dzina limene mudzi umapereka kwa munthu wotere. M'mwezi wa January 2016 okalamba anai anaphedwa m'mudzi wina m'boma la Neno, atanenedwa kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Nkhani zofanana nazo zamveka m'maboma ena ndi m'maiko oyandikana. Lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo liri kutali pamene khamu lasonkhana ndi miyala. Amene ali pafupi ndi mkulu wa mpingo ndi nyakwawa. Ndipo nchomvetsa chisoni kuti nthawi zina chala choloza agogo chimachokera m'mapemphero momwe, pamene wina wodzitcha mneneri auza banja kuti mavuto ao onse achokera kwa nkhalamba ya pakhomo. Guwa liyenera kunena momveka kuti kuiwala kwa okalamba ndi matenda monga shuga, ndi kuti wodwala wotere asowa womlondera, mau ofatsa, ndi nyali yoyaka usiku.

KUNENA ZOONA NDI KUSIYA MAU

Mwambo wa kuno umaopa kutchula imfa munthu akali moyo, kuti kungakhale kumlodza. Motero abale amamva kwa dotolo kuti matenda sachizika, nagwirizana kubisa, namuuza wodwala kuti, "Muchira, agogo, limbani mtima." Koma kawirikawiri nkhalambayo idziwa kale. Thupi ndi lake. Imangokhala chete posafuna kuliritsa ana, ndipo onse awiri amasungirana chinsinsi chimodzi, aliyense payekha.

Pa Genesis 47 kufikira 49 pali chitsanzo china. Yakobo anakhala zaka 17 ku Aigupto m'manja mwa Yosefe. Ataona kuti nthawi yayandikira anaitana mwana wake, nanena kumene afuna kuikidwa, nadalitsa adzukulu ake, nasonkhanitsa ana ake onse nalankhula ndi aliyense. Makolo a kuno ankadziwanso zimenezi, ndipo ankati kusiya mau. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Koma mau amene sananenedwe sangagonere.

Sikuti wodwala aliyense auzidwe zonse mokakamiza. Njira yabwino ndi kumfunsa chimene iye aganiza za matenda ake, ndi kumlola atsogolere. Wina adzafuna kuitanitsa mwana amene anayambana naye zaka khumi zapitazo. Wina adzafuna kuulula chimene chamlemera. Wina adzafuna kunena za munda, za ng'ombe, za nyumba. M'Malawi lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 linaika kulanda chuma cha amasiye pakati pa milandu, ndipo linalongosola kalembedwe ka wilo: ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Mbusa amene athandiza nkhalamba kuchita zimenezi mutu ukali bwino wateteza mai wamasiye ndi ana ku nkhondo ya pambuyo pa maliro. Ndipo Mgonero wa Ambuye usadikire kuti munthu akomoke. Wokalamba amene anadya pa gome zaka 50 ayenera kulandira kunyumba kwake nthawi iri yonse imene mpingo ulandira.

MAOLA OTSIRIZA

Mantha ambiri amadza chifukwa chosadziwa chimene chirinkudza. Imfa ya matenda a mgonagona iri ndi zizindikiro zake. Wodwala amagona nthawi yaitali, mkodzo umachepa, manja ndi mapazi zimazizira. Kupuma kumasintha: amapuma mofulumira, naleka kanthawi, nayambanso. Pakhosi pamamveka phokoso la malovu amene sathanso kumeza. Limaopsa omva koposa mwini wake, ndipo kumgoneka chammbali kumalichepetsa.

Pa nthawi imeneyi mabanja ambiri amagwidwa ndi mantha, nagulitsa mbuzi, nabwereka galimoto kuthamangira ku chipatala, poopa kuti anthu adzati sanachitepo kanthu. Nkhalamba imatsirizikira pa msewu kapena pa khonde la chipatala pakati pa alendo, ndipo banja limalipiranso galimoto yobweza mtembo. Ngati a chipatala ananena kale kuti matenda afika pamapeto, ngati ululu wagonja, ndipo ngati mwini wake anapempha kutsirizikira pakhomo pake, banja lisachite manyazi kumsunga. Koma lifuna munthu waulemu wake woti aime nalo, kuti mawa pasadzakhale wolitonza.

Anamwino amalangiza kuti anthu azilankhula pafupi ndi wodwala monga ngati alikumva, pakuti makutu amakhalitsa angakhale maso atatsekeka. Mikangano ya chuma ndi makonzedwe a bokosi zikambidwire panja. M'chipindamo mukhale anthu ochepa, dzanja logwira dzanja lake, nyimbo imene ankaikonda yoimbidwa motsitsa, ndi pemphero lalifupi.

OKALAMBA OPANDA MBUMBA

Sinodi ya chigawo chonse singaiwale matchona. Amuna ambiri ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kum'mawa kwa Zambia anathera mphamvu zao m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe ndi South Africa, ndipo ena sanabwererenso. Ntchito itatha, nyumba ya kampani inapita nayo. Kwao anawaiwala, ndipo kumene ali alibe munda kapena mbumba. Ambiri mwa iwo atsirizira m'nyumba zosungiramo okalamba. Munthu akamayandikira imfa, makamaka wodwala matenda oiwala, zilankhulo zimene anaphunzira ali wamkulu zimayamba kumthawa, natsala ndi chimene anayamwa. Kwa nkhalamba yotere, mlendo womupatsa moni m'Chichewa ndi kumfunsa za mudzi wa kwao ndiye mbale yekhayo amene watsala. Mipingo ya m'mizinda imeneyo iri ndi udindo umene palibe wina angausenze.

ZOTI SINODI IGANIZIRE

1. Mpingo uli wonse ukhale ndi kaundula wa okalamba ogona pakhomo, wolembedwamo dzina la wodwala ndi la womdwazika, ndipo awerengedwe pa bwalo la akulu a mpingo mwezi ndi mwezi.

2. M'dera la mkulu wa mpingo ali yense mukhale anthu olandirana, amai ndi abambo, oti azikhala ndi wodwala theka la tsiku kapena usiku umodzi pa sabata, kuti wodwazika agone, apite kumunda, kapena akapembedze. Achinyamata atenge mbali ya madzi, nkhuni ndi kupalira.

3. Thumba la maliro litsegulidwe kuti gawo lina lizigula sopo, zofunda, mapepala a pulasitiki ndi kulipira ulendo wokatenga mankhwala munthu akali moyo.

4. Zipatala za mishoni ndi alangizi a zaumoyo apemphedwe kuphunzitsa akulu a mpingo, atumiki ndi amai za kasamalidwe ka odwala a mgonagona, ndipo phunziro lomweli lilowe m'sukulu zophunzitsa abusa.

5. Mtsikana ali yense amene wasiya sukulu chifukwa chodwazika agogo adziwike ku bwalo la mpingo, ndipo banja lake liitanidwe kuti lipeze njira yina.

6. Mkhristu wotchula wokalamba mfiti aitanidwe ku bwalo monga aitanidwira ochimwa ena, ndipo abusa agwirizane ndi mafumu ndi apolisi poteteza wonenedwayo.

7. Wodwazika ayenderedwe maliro atatha, pakuti anthu akabalalika iye amatsala m'nyumba yachete, ndi thupi lotopa, ndi mafunso akuti kaya anachita zokwanira.

MAU OTSIRIZA

Palibe chimodzi mwa izi chimene chifuna thandizo lochokera kunja. Anthu alipo, ndowa ziripo, nkhuni ziripo, ndipo mpingo waonetsa kale pa maliro kuti udziwa kusonkhana popanda wouitana kawiri. Chotsala ndi kufika msanga, ndi kulowa m'nyumba m'malo moima pabwalo. Mkulu wa mpingo akamva yankho lakuti "ali bwinoko," apemphe kulowa, aone zofunda, aone msana wa wodwala, ayang'ane maso a mai amene wamyankhayo, namfunse kuti iye mwini anagona liti tulo tokwanira.

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Nthumwi zimene zakhala m'nyumba muno, abusa ndi akulu omwe, zidzagonanso pa mphasa tsiku lina, ndipo zidzadwazikidwa monga momwe zaphunzitsira mipingo yao kudwazika. Mulungu wa chifundo apatse Sinodi ino nzeru ndi mphamvu, kuti amene anaumba njerwa za nyumba yake atsirize ulendo wao ali osamba, opanda ululu, ndi pakati pa abale.